Benchi ya Pansi pa Zenera

Ndinataya mkazi wanga, Esinati. Ndinataya mwana amene anali m'mimba mwake. Ndinataya ntchito ya uphunzitsi, nyumba ya pasukulu, njinga, wailesi ndi makina ake osokera. Ndinataya malo anga kutsogolo m'tchalitchi muno. Ndinataya mano awiri. Ndipo ndinataya Tamanda, mwana wanga wamkazi, ali wamoyo.

Ziwiri zoyambazo sindinachititse ndine. Zotsalazo ndinazitaya ndi manja angawa.

Abusa andipempha kuti ndiyankhule nanu, amuna anzanga amene mumasonkhana muno Loweruka masana. Sindine mlaliki. Ntchito yanga ndi ya pakhomo, ndine mmodzi wa olandira alendo, amene ena amatitchula kuti maasha. Ena mwa inu tinadziwana kumene kuja amatcheza kachasu, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, choncho sindibisa kanthu, chifukwa mukhoza kunditsutsa.

Kwathu ndi ku Dedza, ine ndi Esinati yemwe. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ku koleji, boma linanditumiza kuno, pasukulu ya pulayimale kufupi ndi Nkope. Tinafika ndi sutikesi imodzi ndi mwana kumsana, osadziwa munthu, Chiyao osamva. Mpingo uno ndi wa anthu otere: aphunzitsi, akalaliki a ku boma, asilikali, anthu obwera amene alibe wachibale pafupi. Amene anatilandira pakhomo Lamulungu loyamba anali Che Dinala, mkulu wa olandira alendo. Iwo ndi Myao wa konkuno. Anabadwira m'banja lachisilamu, analowa chikristu ali mnyamata, ndipo anaperekera zakudya ku hotela ya ku Makokola zaka zambiri mpaka mawondo anakana. Kuwerenga sadziwa. Ine ankanditchula kuti a Mwalimu, kutanthauza mphunzitsi.

Pasanathe miyezi itatu Esinati analowa m'gulu lawo, n'kumaima pakhomo la amayi. Ine ndinkawerenga Mawu kutsogolo, nditamanga tayi, ndipo ntchito yakeyo inkandichititsa manyazi. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Mkazi wa mphunzitsi n'kumaima pakhomo ndi ndowa ngati wogulitsa thobwa?" Iye anangoseka. "Inu werengani, bambo a Tamanda. Koma kuti mupeze owawerengera, wina ayenera kuwalowetsa."

Anadwala ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinapita naye pa njinga kuchipatala chaching'ono. Anamwino anati afunika kuchipatala chachikulu ku boma, koma galimoto yonyamula odwala tsiku limenelo inali itapita kukathandiza kunyamula amayi ovina kumsonkhano waukulu wa chipani. Inabwera dzuwa litapendeka, n'kupeza ntchito yake itatha.

Tinakamuika kwawo ku Dedza. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Achimwene ake a Esinati, alamu anga a Yohane, anali ndi mphamvu zonse zomusunga Tamanda komweko. Koma anati, "Mwana wayamba sukulu kumeneko, ndipo bambo ake ndi mphunzitsi. Apite naye." Anandikhulupirira.

Ndinayamba ndi botolo limodzi la mowa wa m'sitolo, kuti tulo tibwere. Kenako kachasu, chifukwa ndi wotchipa ndipo sachedwa. Makina osokera anapita. Wailesi inapita, njinga inatsatira. M'kalasi ndinkalowa ndikutafuna masamba a bulugamu kuti fungo lisamveke. Tamanda, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankadya kwa aneba. Akulu a mpingo anandiitana kawiri, sindinapite, ndipo anandidula.

Tsiku lina la msika, nditakhuta, ndinayankhula mokweza za galimoto ija ndi kumene inapita. Mawuwo sindiwabwereza, nonse ndinu akuluakulu. Anyamata a chipani anali pafupi, akugulitsa makadi. Mano awiri aja anatsala pamsika pomwepo. Ndinakhala m'chitokosi miyezi inayi, ndipo ndinatuluka chifukwa bwana wina anati mawu a chidakwa si mawu.

Ndinapeza kalata yondichotsa ntchito, m'nyumba muli mphunzitsi wina, Tamanda kulibe. Aneba anandiuza kudzera pazenera, osatsegula chitseko, kuti alamu anabwera kudzamutenga. Anasiya mawu akuti, "Mwana wa mlongo wanga sangaleredwe ndi botolo. Bambo akeyo akadzakhalanso munthu, tidzakambirana."

Munthu wochokera kumene ndinachokera ine amakhala ngati wakhate. Akristu anzanga akandiona panjira ankakhotera m'munda wa chinangwa. Sindikuwada. Aliyense anali ndi ana ndi ntchito ya boma, ndipo moni umodzi ukanatha kumutayitsa zonsezo. Amene ankandiyankhula anali asodzi. Ndinkawathandiza kukoka khoka, iwo n'kundipatsa usipa wa m'mbale, ine n'kukausinthitsa ndi kachasu. Ndinkagona m'bwato lakutha limene analitaya pamchenga. Munthu wa ku koleji.

Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala, kukutentha kuyambira m'mawa, ndinamwa theka la botolo n'kunena mumtima kuti, lero ndikalowa m'tchalitchi, ndikakhala pa benchi yakutsogolo, ndione mmene akristu amathawira. Sindinabwere kudzalapa. Ndinabwera kudzawachititsa manyazi. Ndinali wopanda nsapato, malaya atang'ambika paphewa.

Che Dinala anandiona ndikadali pa mtengo wa mango uja. Sanaitane munthu. Anatsika masitepe pang'onopang'ono, n'kuima pakati pa njira, manja kumbuyo.

"Ajimwiche uli, a Mwalimu?" Ndiwo moni wawo wa m'mawa.

"Patukani ndidutse."

"Mudutsa, tchalitchi si changa. Koma mwafika bwino. Benchi iyi yandikanika ndekha, anzanga onse ali m'kati. Gwirani uko."

Pakhonde panali benchi yaifupi ya anthu atatu. Sindikudziwa chifukwa chake ndinaigwira. Mwina n'chifukwa choti panali patapita nthawi yaitali munthu asanandipemphe kanthu. Ndinkayesa tikuilowetsa m'kati. Koma mkuluyo anatsogola, n'kuzungulira nayo kumbali, mpaka pansi pa zenera lachiwiri, pamene pamakhala mthunzi ndipo mawu a paguwa amamveka bwino. Anaiika pansi, anakhalapo, n'kupukuta mbali inayo ndi kampango kawo.

"Khalani."

"Ndiye mwandithamangitsa mwaulemu."

"Wothamangitsa munthu sakhala naye. Lamulo la akulu likuti woledzera asalowe. Lamulo langa likuti wofika pakhomo langa asaimirire. Onse awiri ndawasunga."

Ndinakhala. M'katimo mitu inayamba kutembenuka. Kalaliki wina amene anakhala pafupi ndi zeneralo ananyamuka, n'kukafinyikiza anzake mbali ina.

"Akuonani," ndinatero. "Simukuopa?"

Anagunda thumba la malaya. "Khadi langa la chipani ndili nalo, la chaka chino. Anandiwerengera mbali zonse ziwiri. Sanalembepo za benchi."

Ndinawauza mawu oipa, okhudza mpingo, okhudza Mulungu amene. Anamvetsera ngati munthu womvetsera za nyengo pa wailesi. Nditatopa anati, "A Mwalimu, ku Makokola ndinakhazika pansi azungu oledzera kuposa inu. Wina anandisanzira pa nsapato, ine n'kunena kuti sikomo bwana. Pa uchidakwa inu mukadali sitandade wani."

Ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka.

Ulaliki uli pakati, panjira panatulukira mayi wina, mwana kumsana, fumbi mpaka m'mawondo.

"Mwaona mapazi awo?" anandifunsa chapansipansi. "Achokera kumapiri amenewo, ananyamuka kusanache. Munthu wotere sumuyamba ndi moni, umamuyamba ndi madzi. Ine mawondo auma. Ndowa ili pakona apo."

Ndinapita. Ndinatunga madzi m'kapu, koma dzanja linkanjenjemera moti pofika kwa mayiwo theka linali litathera mumchenga. Iwo sankandidziwa. Sankadziwa za msika, za chitokosi, za kudulidwa. Anagwada, analandira ndi manja awiri, anayamba kumwetsa mwana, kenako anamwa otsalawo.

"Zikomo bambo. Ambuye akudalitseni pa ntchito yanu."

Pa ntchito yanu. Ndinatsala chiimire, kapu ili m'manja, mayiwo atalowa kale.

Nditabwerera pa benchi, Che Dinala sananditame.

"Mwataya theka. Mayi a Tamanda sankataya ngakhale dontho, ndipo mjigo uli kutali. Sabata yamawa mubwere ndi manja odekha."

Chibwerereni kumaliro, palibe amene anali atamutchulapo Esinati pamaso panga. Anthu ankaopa kundipweteka, kenako ankaopa kundiyandikira. Ndinatembenukira kukhoma. Che Dinala anayang'ana kumbali, akuwerenga mbuzi za eni ake, mpaka nditamaliza. Imeneyonso ndi ntchito ya pakhomo, kudziwa nthawi yoyang'ana kumbali.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene pakukhudzani inu. Tsiku limenelo sindinalumbire kuti ndasiya mowa. Ndinali nditalumbirapo kale kambiri, ngakhale pamanda. Chimene ndinafuna chinali chaching'ono: kufikitsa kapu yodzaza. Kuti manja adekhe Lamulungu, ndinaganiza zosamwa Loweruka. Sizinakwane, manja ananjenjemera kuposa poyamba. Ndinasiya Lachisanu lomwe. Masiku awiriwo anali a thukuta, kusanza ndi kuona zinthu zoyenda pamchenga zimene kunalibe. Kenako ndinawonjezera Lachinayi. Sabata ndinaidya kuyambira kumchira, ndipo zinanditengera miyezi isanu kuti ndifike pa Lolemba. Musayese kunyamula chaka chonse. Nyamulani kapu imodzi.

China, ndinachoka kudoko. Munthu sangachire chilonda atagona paminga. Itatha miyezi isanuyo, Che Dinala ananditengera kwa msuweni wawo Che Sumani, Msilamu wogulitsa nsomba zouma, amene pabwalo pake sipadutsa botolo. Che Sumani anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Achimwene, mkristu wanuyu akanunkha tsiku limodzi ndikubwezerani ndekha." Ndinkamanga mitolo ya nsomba yopita ku Limbe, n'kumagona m'nyumba yosungiramo katundu. Mpaka lero ndimagwira komweko. Anandilandira nthawi imene a mpingo wanga ankaopa, ndipo zimenezi ndimazinena paliponse.

Ndinagwa kamodzi, pa Khirisimasi ya chaka chotsatira. Che Sumani anasunga mawu awo, anandiperekeza mpaka pakhomo la Che Dinala, ngakhale pambuyo pake anandilandiranso. Lamulungu ndinabwera nditaweramitsa mutu, ndipo ndinapeza benchi ili kale pansi pa zenera. Mkuluyo anangoti, "Lero ndowa ndinyamula ndekha." Anainyamula, ndi mawondo awo aja, ine ndikuona. Chilango chimenecho chinandipweteka kuposa cha pamsika. Mukagwa, bwerani ndithu Lamulungu lomwelo. Mukadikira kuti manyazi athe, mowa ndi umene uwathetse.

Akulu a mpingo sanakondwere onse. Anawaitana Che Dinala kubwalo lawo, ndipo mmodzi anafunsa ngati n'koyenera kuti munthu wodulidwa, komanso wa mbiri ya kupolisi, azipereka madzi pakhomo la tchalitchi. Iwo anayankha kuti, "Chikho cha mgonero ndi chanu, akuluakulu, sindichikhudza. Kapu ya pakhomo ndi yanga, ndinagula ndekha ku Chiponde." Anakambirana mpaka masana, n'kugamula kuti madzi ndikhoza kupereka, koma lamba woyera wa olandira alendo ndisavale. Chinali chiweruzo chabwino. Patapita masabata ochepa ndinapita ndekha kubwalo lomwelo, ndinavomera zonse, ndipo ndinalowa kalasi ya obwerera chaka chathunthu, kukhala pamodzi ndi anthu amene ana awo ndinkawaphunzitsa.

Tsiku limene anandibwezera mumpingo, abusa anandifunsa ngati ndikufuna kuyambiranso kuwerenga Mawu kutsogolo. Ndinapempha pakhomo. Anandiveka lamba. Satifiketi yanga ya ku koleji ili m'sutikesi, koma lambayo ndimamuchapa ndekha Lachisanu lililonse, n'kumusita.

Anthu amayesa ntchito yathu ndi kuloza mabenchi. Ayi. Timafika kusanatenthe, kusesa, kutunga ndowa ziwiri, kutsegula mazenera. Timadziwa agogo amene khutu lawo lakumanzere linafa, kuti tiwakhazike kumene mawu awapeze. Mayi woyamwitsa timamuika pafupi ndi khomo, kuti mwana akalira asadutse tchalitchi chonse maso a anthu ali pa iye. Msilikali wofika kumene amaima kaye panja ngati akuwerenga chikwangwani, ndipo ukapanda kumutsikira abwerera. Munthu amene anasowa miyezi isanu sitimufuulira kuti mwasowatu, timamupatsa moni ngati tinaonana dzulo. Amene amakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe ali ndi katundu mumtima, ndiye umangopezeka waima panjira yake, ukukonza kanthu. Pa ukwati kapena pamaliro, pamene abale achisilamu abwera, timayamba tapita kwa mwalimu wa kumzikiti kuti adzatizingire mbuzi, chifukwa kuno ukaipha wekha theka la alendo ako ligona ndi njala mwaulemu, osakuuza. Zonsezi ndinaphunzira kwa munthu wosadziwa kulemba dzina lake. Maulaliki ambiri ndimawamvera pazenera, ndipo sindinaonepo kuti ndaluza kanthu.

Nthawi yonseyi ndinkalembera alamu kalata mwezi uliwonse. Sindinkapempha mwana. Ndinkangonena kumene ndili, ntchito imene ndikugwira, ndi masiku amene ndakhala osamwa. Za Khirisimasi ija ndinalembanso. Yankho silinabwere ngakhale limodzi. Tamanda anali atakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinayamba kuopa kuti tikadzakumana adzandigwadira ngati mlendo.

Linali Lamulungu la mgonero, anthu ochokera m'nthambi zonse atadzaza mpaka pakhonde. Che Dinala anali atagona kunyumba, mawondo atatupa, choncho khomo lonse linali m'manja mwanga. Belu lachiwiri litangolira, ndinaona munthu wa jekete lakuda, chipewa m'manja, akubwera kuchokera kumsewu. Nsapato zake zinali ndi dothi lofiira limene kuno kulibe. Ndinakweza maso. Anali alamu anga a Yohane.

Sanalembe kuti akubwera. Ndinadziwa pomwepo kuti abwera kudzaona ndi maso awo, ndipo chimene aone lero ndicho chigamule za Tamanda.

Ndinatsika masitepe. "Takulandirani, alamu. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda." Anayang'ana lamba wanga.

Ndinawapatsa madzi, kapu yodzaza, ndipo palibe dontho linagwa. Ndinali nditawapezera kale malo m'maganizo, mzere wachitatu, pafupi ndi zenera lolowa mphepo. Ndikuti ndiwatsogolere, kumbuyo kwathu kunamveka mawu.

"Ticha! Ticha wanga! Akuveka lamba ngati mbuzi ya chikwati!"

Anali Jafali, msodzi amene tinkamwa naye kudoko. Ankabwera akudzandira, botolo likuonekera m'thumba la kabudula. Anafika n'kundikumbatira pamaso pa alamu, fungo lake lonse n'kulowa m'malaya mwanga.

"Wandithawa iwe. Bwato lathu lija likukufunsa. Ndabwera ndione Mulungu amene anandilanda mnzanga."

Abale, ndinene zoona. Mtima wanga unati, mukane. Nena kuti sukumudziwa. Asilikali awiri a mumpingo mwathu anali pakhonde pomwepo, ndipo ndikanangokweza chala akanamunyamula mpaka kumsewu. Alamu akanaona munthu wolongosoka akuteteza nyumba ya Mulungu. Koma ndikamutengera pansi pa zenera, alamu aona zimene anabwera akuopa: bambo a Tamanda ali panja pa tchalitchi, pa tsiku la mgonero, atakhala ndi chidakwa, akununkha kachasu.

Ndinaitana mayi wina wa m'gulu lathu kuti akawakhazike alamu pa mzere wachitatu. Kenako ndinati, "Jafali, wafika bwino. Benchi iyi yandikanika ndekha. Gwira uko."

Mzere wachitatu uja uli pa zenera lachiwiri. Ndinasankha malowo ndekha, ndisanadziwe. Choncho mapemphero onse alamu anali m'kati, ine kunja, pakati pathu khoma lokha, ndipo akatembenuka pang'ono ankationa. Jafali anaimba nyimbo zake za kudoko, ndinamuletsa. Anatukwana, ndinamvetsera. Anandikakamiza kuti ndilaweko, ndinalandira botolo n'kuliika pansi pa benchi, mbali yanga. Kenako anayamba kulira za mkazi wake amene anabwerera kwawo, ndipo ndinayang'ana kumbali. Mgonero unadutsa ine ndili panja. Pomaliza anagona, mutu uli paphewa langa, malovu akutsikira pa lamba.

Anthu atatuluka, alamu anazungulira n'kudzaima patsogolo pathu. Anayang'ana Jafali.

"Ameneyu ndani?"

"Mnzanga. Tinkamwa limodzi."

"Ndamva ndekha zimenezo. Imirirani."

Ndinamugoneka Jafali pa benchi, n'kuimirira.

"Ndipumireni."

Ndine munthu wamkulu, ndinaphunzitsapo ana a anthu. Koma ndinatsegula pakamwa n'kuwapumira alamu anga kumaso, anthu akuona. Ananunkhiza kawiri. Anawerama, anatenga botolo lija, n'kuliyang'ana padzuwa kuti aone pamene mowa walekezera. Analibwezera pansi.

"Ndinafika dzulo," anatero. "Ndagona ku boma. Ndafunsa kumsika, ndafunsa kwa Msilamu wanu wa nsomba uja. Onse akuti munasiya. Koma ndinati anthu a kunyanja amakomera mlendo m'kamwa. Makalata anu ndinawerenga onse, ndipo ndinati munthu wophunzira kulemba sikumuvuta." Analoza Jafali ndi chipewa. "Mukanamuthamangitsa uyu, ndikanakwera basi osatsanzika. Munthu wochita manyazi ndi kumene anachokera amabwererako mobisa."

Anavala chipewa chawo, n'kupitiriza:

"Sukulu ikatsekera mubwere kumudzi. Mubwere ndi kalata ya abusa, kuti amayi anga aione. Mwanayo amafunsa za inu mpaka kutitopetsa."

Ndinapita. Tamanda sanandigwadire. Anandiyang'ana mkamwa n'kufunsa kumene mano anga anapita, ndipo ndinamuuza kuti ndidzamufotokozera akadzakula. Tsopano tikukhala limodzi m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa Che Sumani, ali sitandade folo, ndipo masamu amandiposa. Jafali sanasiye. Amabwera Lamulungu lina, lina osabwera, ndipo benchi timaitulutsa ndithu. Aliyense wa inu amene mawa adzuke atagwa, abwere. Mundipeza pa masitepe. Sindikufunsani kanthu.

Tsiku lija ndinawaperekeza alamu kumsewu kukadikira basi. Tinaima pansi pa mtengo, dzuwa likuswa mutu. Pamenepo anandifunsa chinthu chimene sanafunsepo, ngakhale pamaliro.

"Mlongo wanga pomwalira munalipo?"

Ndinawauza kuti ayi. Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense. M'mawa uja kuchipatala, tikudikira galimoto, Tamanda anali m'kalasi, ndipo makiyi a nyumba anali m'thumba mwanga. Esinati anayang'ana pamene dzuwa linafika pakhoma, n'kundituma kunyumba. Ndinakana, anaumirira, ndinapita. Pobwerera ndinapeza atamufunditsa nsalu. Zaka zonsezi ndinkamwera zimenezi, kuti anandichotsa pambali pake ndipo ine ndinavomera.

"Anati chiyani pokutumanipo?" anafunsa alamu.

Ndinawauza monga ananenera, mawu ake ndi omwewa:

"Bambo a Tamanda, musaime apo ngati mlendo. A sitandade wani aweruka tsopano. Pitani, mwana asakapeze chitseko chotseka."